Mzere Woyera wa Hergé: Mmene Tsamba la Tintin Linkapangidwira

Wophunzira kujambula nkhani za zithunzi akatsegula buku la Tintin, chimene chimamunyenga ndi kuphweka kwake. Nkhope ya Tintin ndi kanthu kozungulira, timadontho tiwiri ta maso, kamphuno, ndi katsitsi koimirira pamphumi. Palibe mithunzi yokandakanda, palibe utoto wosakanikirana. Munthu amayesa kuti ntchito yotere ingathe madzulo amodzi. Apa m'pamene ambiri amasokera, chifukwa mzere woyerawo umabwera pomaliza penipeni pa ntchito yaitali, ndipo umafuna kuti wojambula achidziwe bwino chimene akujambulacho. Wokanda mithunzi yambiri akhoza kubisa umbuli wake mumdimamo. Wa mzere umodzi alibe pobisala: ngati sadziwa mmene chitseko cha galimoto chimatsegukira, aliyense aona. Ntchito ya Hergé, wojambula Tintin, ikuonetsa zonse ziwiri, zimene mzerewu umachita mwini wake akafufuza, ndi zimene umachita akangotola za m'maluwa.

Georges Remi anabadwa pa 22 Meyi 1907 ku Etterbeek, mu mzinda wa Brussels. Anaphunzira pa sukulu ya Akatolika ya Saint-Boniface, ndipo zojambula zake zoyamba zinatuluka m'magazini ya masikauti, momwe kuyambira 1924 ankasaina kuti Hergé. Mu 1925 analowa ntchito ku nyuzipepala ya Akatolika ya Le Vingtième Siècle, mu ofesi yolemba mayina a ogula nyuzi. Mkulu wa nyuzipepalayo, wansembe Norbert Wallez, amene ankatama Mussolini poyera, anamupatsa mu 1928 udindo woyang'anira kope la ana la sabata ndi sabata, Le Petit Vingtième. M'menemo ndi momwe pa 10 Januwale 1929 munatulukira Tintin, mtolankhani wachinyamata, ndi galu wake Milou.

Zaka zoyambazo ankajambula masamba awiri pa sabata, opanda utoto, osadziwa kumene nkhani ikathere. Mwini wake anauza mlembi Numa Sadoul, pa zokambirana zimene zinasindikizidwa mu 1975, kuti nthawi zambiri kunkacha tsiku lotulutsa pepala asanadziwe mmene amupulumutsire Tintin pa vuto limene anamusiyamo sabata yatha. Zimenezi zimaoneka m'buku loyamba, Tintin au pays des Soviets: kuthamangitsana, kuphulika, kumangidwa, kuthawa, kenako zomwezo mobwereza. Komabe pali chinthu chimodzi chimene anachigwira msanga. Masiku amenewo nkhani za zithunzi zambiri za m'Chifalansa zinkaika mawu pansi pa chithunzi. Hergé, potengera ojambula a ku America monga George McManus komanso Mfalansa Alain Saint-Ogan, anaika mawu m'timabaluni totuluka pakamwa pa olankhula. Mawu akakhala pansi, ndiwo amanena nkhani, chithunzi n'kungokhala chokongoletsa. Akachoka pansipo, chithunzi chimakakamizika kunena chokha amene wamenya, amene wagwa, ndi kumene akuthawira.

Za dziko la Soviet Union anazitenga pafupifupi zonse m'buku limodzi lodana ndi chikomyunizimu. Atamaliza ankafuna kutumiza Tintin ku America, koma Wallez analamula kuti apite ku Congo, dziko limene Belgium inkalamulira. Tintin au Congo inatuluka kuyambira 1930 mpaka 1931. Hergé anali asanapondeko ku Congo. Zimene ankadziwa anazitola m'nkhani za amishonale, m'manyuzipepala, ndi ku nyumba yoonetsera zinthu za atsamunda ya ku Tervuren. Zotsatira zake owerenga a ku Africa timaziona tikangotsegula tsamba: anthu akuda onse ali ndi nkhope imodzi, milomo yaikulu, maso otong'oka, Chifalansa chothyokathyoka, aulesi, amantha, ogwadira kamnyamata kachizungu ndi galu wake. Nyama nazo zikuphedwa mwachisawawa: mulu wa agwape, nyani wosendedwa chikopa, chipembere chobooledwa pamsana n'kuphulitsidwa ndi zophulitsira miyala.

Pophunzira bukuli m'pofunika kuyang'ana luso ndi tsankho pamodzi, osazilekanitsa. Galimoto ya Tintin, Ford ya mtundu wa Model T, imadziwika mukangoiona. Wojambula yemweyo, amene anapatula nthawi kuyang'ana galimoto, sanapatule nthawi kuyang'ana nkhope ya munthu wa ku Congo ngakhale mmodzi. Mzere wosavuta umagwira ntchito posankha zizindikiro zochepa zoimira chinthu chonse. Ngati zizindikirozo zachokera m'nthabwala za atsamunda, mzerewo umazikhomerera kwambiri chifukwa ndi womveka, ndipo mwana wa zaka 7 amangozimeza. Mu 1946 bukuli linajambulidwanso ndi utoto. Kalasi imene Tintin ankauza ana a ku Congo kuti dziko lawo ndi Belgium inasanduka ya masamu, 2 kuphatikiza 2. Mu 1975 tsamba la chipembere linasinthidwa osindikiza a ku Scandinavia atapempha. Nkhope zija zinatsala momwemo. Mu 2007 Bienvenu Mbutu Mondondo, mbadwa ya ku Congo, anakasuma ku Brussels kuti bukuli liletsedwe, ndipo mu 2012 khoti linakana. Kwa ine chigamulocho sichichotsa zimene zili patsamba. Hergé ankadziteteza ponena kuti anakulira m'tsankho la anthu a nthawi yake. N'zoona, koma patangopita zaka zitatu iye yemweyo anaonetsa kuti njira ina inalipo.

Mu 1934 atalengeza kuti Tintin apita ku China, wansembe Léon Gosset, amene ankasamalira ophunzira a ku China pa yunivesite ya Louvain, anamulembera kalata yomuchenjeza kuti asajambule Matchaina a m'mutu mwa Azungu. Kudzera mwa iye Hergé anakumana ndi Zhang Chongren, mnzake wa msinkhu umodzi, amene ankaphunzira kusema ndi kujambula pa Académie Royale des Beaux-Arts ku Brussels. Kwa chaka ankakumana pafupipafupi. Zhang anamuonetsa kagwiridwe ka burashi ya ku China, anamuphunzitsa kuyang'ana mtengo monga ulili asanaujambule, ndipo analemba ndi dzanja lake zikwangwani za m'misewu ya Shanghai m'buku la Le Lotus bleu. Zikwangwanizo zimawerengeka, zina zikuuza anthu kuti anyanyale katundu wa ku Japan. Yerekezani ndi Chiarabu cha mu Tintin au pays de l'or noir, chimene chinali zokhwatchakhwatcha chabe mpaka pamene chinakonzedwa mu 1971.

Kusinthaku kunafika mpaka pa nkhani yeniyeniyo. Mu Seputembala 1931 asilikali a Japan anaphulitsa njanji pafupi ndi mzinda wa Mukden ku China n'kunamizira Matchaina kuti apeze chifukwa choti alande dera la Manchuria. Hergé anajambula chiwembu chofanana nacho, kenako m'mabokosi ochepa anaonetsa mmene bodza likukulira: lamya, mawaya a uthenga, wailesi, wandale akubwebweta, asilikali akuguba. Aliyense wofuna kuphunzira kufupikitsa ayenera kukopera mabokosi amenewa ndi dzanja. Akazembe a Japan ku Brussels anadandaula nalo bukuli. Muli malo pamene Tintin, atavuula m'madzi osefukira mnyamata Tchang, wotchulidwa dzina la Zhang uja, akumufotokozera zabodza zimene Azungu amakhulupirira za China, Tchang n'kumaseka. Koma phunzirolo linathera pa anthu amene anali ndi wowalankhulira: Majapani m'buku lomwelo ali ndi mano otuluka ndi nkhope zonyoza. Kuyambira apa Hergé analimbikira kusunga zithunzi zodula m'magazini, za sitima, mfuti, zovala, nyumba, ndiponso kulemba ndondomeko ya nkhani asanayambe kujambula.

Maonekedwe a buku la Tintin amene tikuwadziwa lero anabwera chifukwa cha kusowa kwa mapepala. Germany italanda Belgium mu Meyi 1940, Le Vingtième Siècle inatsekedwa, ndipo Hergé anapita ku Le Soir, nyuzipepala imene inali m'manja mwa ogwirizana ndi Majeremani. Poyamba kunali kope la ana, koma pofika Seputembala 1941 linatha, Tintin n'kutsala ndi kandime kamodzi patsiku, ka mabokosi atatu kapena anayi, pafupifupi masentimita 17 chopingasa ndi 4 choimirira. Malo ochepa chonchi salola zokongoletsa. Tsiku lililonse kandimeko kayenera kukumbutsa za dzulo, kusuntha nkhani, ndi kusiya owerenga m'malere kuti agulenso mawa. Anzake a Tintin anatulukira nthawi imeneyi, Kaputeni Haddock mu 1941, Pulofesa Tournesol mu 1943, ndipo sindikhulupirira kuti zinangochitika: malo akachepa, ndale zikakhala zoopsa kuzitchula, chotsala choyendetsa nkhani ndi khalidwe la anthu ake.

Kampani ya Casterman ya ku Tournai, imene inkasindikiza mabuku ake kuyambira 1934, inamupempha mu 1942 kuti mabuku akhale a utoto koma a masamba 62 basi. Nambalayi ili ndi chifukwa chake. Makina amasindikiza masamba 16 pa chipepala chimodzi chachikulu chimene chimapindidwa. Zipepala zinayi ndi masamba 64. Kuchotsapo tsamba la mutu ndi kumbuyo kwake, atsala 62. Mabuku akale anali ndi masamba oposa 100. Njira inali kusintha kagawidwe ka tsamba, kuchoka pa ndime zitatu za mabokosi awiriawiri kupita pa ndime zinayi za mabokosi atatuatatu. Tikawerengetsa mongoyerekeza, masamba 120 a mabokosi 6 ndi mabokosi 720, pamene masamba 62 a mabokosi 12 ndi 744, ndiye kuti nkhani yonse ikhoza kulowa. Koma bokosi likafinyidwa kapena kutambasulidwa kuti ndime ikwane, chithunzi chiyenera kudulidwa kapena kuwonjezeredwa m'mphepete, ndipo mawu ayenera kulembedwanso. Kudula, kumata ndi kujambulanso kunamuchulukira, n'chifukwa chake mu 1944 analemba ntchito wojambula mnzake Edgar P. Jacobs, amene anachoka mu 1947 Hergé atakana kuti mayina awo onse awiri alembedwe pachikuto.

Za Le Soir si zodumpha. L'Étoile mystérieuse, buku loyamba la masamba 62 a utoto, linatuluka m'nyuzipepalayo mu 1941 ndi 1942, pamene Ayuda a ku Belgium ankasalidwa ndi malamulo, miyezi yochepa asanayambe kutumizidwa ku Auschwitz. Mdani wa m'nkhaniyi ndi mwini banki wa ku New York dzina lake Blumenstein, wojambulidwa ndi mphuno imene a Nazi ankajambulira Ayuda. Dzinalo linasinthidwa mu 1954 kukhala Bohlwinkel, mphuno inatsala. Brussels itamasulidwa mu Seputembala 1944, Hergé anamangidwa kanayi. Sanazengedwe mlandu, koma sankaloledwa kugwira ntchito m'nyuzipepala mpaka pamene Raymond Leblanc, amene analimbana ndi Majeremani mwachibisira, anamuthandiza kupeza chikalata chomuyeretsa. Magazini ya Tintin inayamba pa 26 Seputembala 1946.

Tsopano ntchito yeniyeni ya tsamba, monga inkachitikira ku Studios Hergé, kampani imene anakhazikitsa mu 1950. Nkhani inkayamba ndi chidule cha masamba awiri kapena atatu. Kenako kugawa: pa timapepala wamba, tsamba lililonse la buku limajambulidwa mothamanga, anthu ongokhwatcha, mawu olembedwa pomwepo. Apa m'pamene zimadziwika kuti m'bokosi lililonse mulowa chiyani, ndipo tsamba limodzi likhoza kuyesedwa kambirimbiri. Wophunzira amene amadumpha gawoli n'kuyamba ndi chithunzi chokongola cha bokosi loyamba amafika pansi pa tsamba malo atatha, nkhani isanafike pamene imayenera kuimira. Malo a mawu amayezedwa nthawi yomweyi powerenga zilembo, chifukwa baluni yobwera mochedwa imaphimba mutu wa munthu kapena imachepetsa zilembo mpaka kusawerengeka. Woyamba kulankhula aime kumanzere. Akaima kumanja, michira ya mabaluni imapingasana, yankho n'kuwerengedwa funso lisanafike.

Ikatha imeneyo pamabwera pensulo, pa pepala lolimba lalikulu, malo ojambulapo pafupifupi masentimita 30 m'lifupi ndi 40 m'litali, kuposa kwambiri tsamba la buku. Masamba a pensulo a Hergé ndi akuda bii. Mkono umodzi uli ndi mizere khumi, wafufuta, wabwereza, nthawi zina mpaka pepala kubooka, m'mphepete modzaza nkhope ndi manja oyeserera. Kaimidwe ka thupi kakavuta, wina wa mu situdiyo ankaimirira n'kuchita zimene munthu wa m'nkhani akuchita, iye n'kumajambula. Ndiyeno phata la njira yonse: ankaika pepala loonekera pamwamba pa chisokonezocho n'kusankha mzere umodzi pa khumi aja, umene uli ndi moyo komanso womveka, n'kuusamutsira pa pepala loyera. Zili ngati kupeta: zambiri zimauluka m'lichero, koma usanasinje ulibe chopeta. Pepala loonekera lili ndi ubwino winanso. Munthu akhoza kusunthidwa pang'ono kumanzere, kapena kutsitsidwa kuti baluni ipeze malo, popanda kumujambulanso.

Ngozi ya gawoli ndi yakuti kukopera kumapha mzere. Dzanja likamatsatira pang'onopang'ono poopa kuphonya, limadutsa pakatikati pa mizere khumi ija m'malo mosankha umodzi, ndipo pakatikati sipakhala mphamvu. Phewa limene linapendekeka ndi liwiro limawongoka, bondo limene linapindika kwambiri limabwerera, munthu n'kuoneka ngati wangoima. Mankhwala ake ndi kukoka mzere kamodzi, ndi dzanja lonse osati zala zokha, maso ali kumene mzere ukupita osati pamene nsonga ili. Amene amayamba ndi mzere woyera osadutsa m'pensulo yakuda amapeza zithunzi zaukhondo koma zouma, ndipo otsanzira Hergé ambiri agwera pamenepa.

Anthu a m'nkhani ankawajambula Hergé mwini. Nyumba, magalimoto ndi malo ankajambula anzake: Bob de Moor amene analowa mu 1951, Jacques Martin, ndi Roger Leloup amene anakonza ndege ya mpondamatiki Carreidas m'buku la Vol 714 pour Sydney. Inki ankaika ndi cholembera choviika, cha nsonga yachitsulo ya Gillott. Mzere wa munthu ndi wa nyumba ya kumbuyo ndi wonenepa pafupifupi mofanana, ndipo chinthu chilichonse chili ndi malire otsekeka. Zifukwa zake zili ku makina osindikizira. Tsamba likachepetsedwa, mzere wa theka la milimita umatsika kufika pafupifupi milimita 0.3. Timizere toyandikana ta mthunzi timamatana n'kukhala chibanga chakuda, makamaka pa pepala la nyuzi limene limamwa inki, ndipo mzere wopyapyala kwambiri umaduka. Malire otsekeka amauza wopaka utoto pothera mtundu, komanso mzere wakudawo umaphimba kuphonya pang'ono kwa makina mitundu ikapanda kugwera pamodzimodzi. Dzina la kajambulidweka lakuti ligne claire, kutanthauza mzere woyera, linabwera mochedwa, mu 1977, kuchokera kwa Joost Swarte wa ku Netherlands.

Nanga ngati mizere ndi yofanana ndipo mithunzi palibe, chapafupi chimasiyana bwanji ndi chakutali? Chapafupi chimaphimba mbali ya chakutali, zinthu zimachepa molingana ndi mtunda wake, ndipo kumbuyo kwa mutu wa wolankhula kumasiyidwa kopanda zinthu. Cholakwa chofala ndi mizere yongogundana. Nsonga ya chipewa ikakhudza ndendende mzere wa denga lakutali, diso limaziona ngati zili pamtunda umodzi, chipewa n'kuoneka chomatidwa kudenga. Ziyenera kupingasana moonekeratu kapena kutalikirana. Onaninso kuti Hergé sankadzaza kumbuyo m'bokosi lililonse. Ankakhazikitsa malo ndi bokosi limodzi lodzaza, otsatirawo n'kukhala ndi khoma la mtundu umodzi basi, koma owerenga amayesa kuti chipinda chonse akuchionabe.

Utoto sunkapakidwa pa tsamba la inki. Osindikiza ankalijambula ndi kamera n'kutulutsa zinthu ziwiri pa saizi ya buku: mizere yakuda pa pulasitiki yoonekera, ndi mizere yomweyo yotuwa mwa buluu pa pepala lolimba. Opaka utoto, motsogozedwa ndi Josette Baujot, ankapaka pa pepala lotuwalo ndi utoto wa madzi, akumagwetsa pulasitiki ija pamwamba kuti aone ngati zikugwirizana. Cholinga n'chakuti wakuda usindikizidwe pawokha, wakuthwa, wosasakanikirana ndi timadontho ta mitundu ina. Vuto limabwera madzi akachuluka: pepala limafufuma, likauma limakwinyika, utoto osagweranso m'malire a pulasitiki. Utoto uyenera kusalala mofanana, wopanda mikwingwirima ya burashi, choncho umasakanizidwa wokwanira nthawi imodzi, ndipo dera lalikulu monga thambo limapakidwa osaima, m'mphepete musanaume. Mitundu yowala imapita kwa anthu, yofatsa kumbuyo. Juzi ya buluu ya Tintin ndi chikhothi chobiriwira cha Tournesol zimakhala zomwezo tsamba ndi tsamba, kotero kuti diso limawapeza m'khamu popanda kufunafuna.

Ife owerenga zilembo zoyambira kumanzere timayendetsa maso kupita kumanja, choncho Tintin akamapita patsogolo kawirikawiri amathamangira kumanja, ndipo chomutchinga chimachokera komweko kuloza kumanzere. Bokosi lomaliza pansi pa tsamba limasiya funso: chitseko chagogodedwa, mfuti yalira, wina wakuwa. M'buku zimenezi zimagwira kwambiri pa tsamba la kumanja, pamene yankho labisika mpaka mutatembenuza. Hergé anauza Sadoul kuti pa zithunzi zake zonse, ziwiri zokha n'zimene zinkamukhutiritsa. China chili mu Le Crabe aux pinces d'or, pamene achifwamba a m'chipululu akuthawa zitukwano za Haddock. Wina wagona pamchenga, wina akudzuka, wina waima mokayika, wina waliyatsa liwiro. Ndi anthu osiyana, koma diso likamayenda limaona ngati munthu mmodzi akudzuka n'kuthawa. China chili mu Le Trésor de Rackham le Rouge: Haddock akuponda pachilumba kutsogolo, kumbuyo kwake bwato likukokeredwa kumtunda, patali sitima yaima. Kufika, kutsitsa bwato, kupalasa ndi kutsika, zonse m'bokosi limodzi.

Kufufuza kunafika pachimake m'zaka za m'ma 1950. Pokonza nkhani ya ulendo wa kumwezi, imene inayamba mu 1950 n'kutha mu 1953, anapangitsa kachifanizo ka roketi kotseguka m'kati, n'kupita nako ku Paris kwa Alexandre Ananoff, wolemba za maulendo a mumlengalenga, kuti akaone ngati n'zomveka. Phindu la kachifanizo n'lakuti chipinda chimodzi chikajambulidwa kuchokera mbali khumi, makwerero ndi mabedi zimakhalabe pamalo ake. Koma pa anthu a ku Africa khama lomwelo linkachedwabe. Coke en stock ya 1958 ikutsutsa malonda a akapolo pa Nyanja Yofiira, ndipo kuti ajambule sitima yake Hergé ndi de Moor anakwera sitima yeniyeni ya katundu, koma Asilamu akuda opita ku Mecca akulankhulabe mothyoka. Magazini ya Jeune Afrique itadzudzula mu 1962, mawu awo anakonzedwa mu 1967.

Kulondola nakonso kukapyola muyezo kumawononga. Kampani ya Methuen ya ku London, pofuna kutulutsa L'Île noire m'Chingerezi, inatumiza mndandanda wa zolakwika 131 pa mmene Britain anajambulidwira. De Moor anatumidwa kukajambula mayunifolomu a apolisi, masitima ndi magombe, ndipo buku lonse linajambulidwanso n'kutuluka mu 1966. Chilichonse n'cholondola tsopano, koma mukaika buku la 1943 ndi la 1966 pambali, lakale ndi limene limathamanga. M'latsopano kumbuyo kwadzaza njerwa, masamba ndi mawaya, zonse ndi mzere wonenepa mofanana, mwakuti anthu akumira m'malo awo, ndipo nthabwala za m'ma 1930 zikuchitikira pakati pa magalimoto a m'ma 1960. Manja aluso anachuluka, koma wochotsa zosafunika anachepa.

Njirayi inamulemetsanso mwini wake. Pakati pa 1929 ndi 1943 anamaliza nkhani za Tintin 12. Pambuyo pa 1960 anamaliza zitatu zokha, mu 1963, 1968 ndi 1976. Kutopa ndi kuvutika maganizo zinkamuimitsa, ndipo nkhani ya kumwezi inaima pafupifupi chaka ndi theka. Tintin au Tibet ya 1960 anaijambula banja lake ndi Germaine Kieckens likugwedezeka, akulota maloto oyera okhaokha, dokotala wa maganizo wa ku Zürich atamulangiza kuti asiye ntchito. Sanasiye. M'bukuli mulibe mdani, anthu ndi ochepa, Tintin akungofunafuna Tchang m'mapiri ndege itagwa. Kwa wophunzira, apa m'poonera mmene chipale chofewa chimajambulidwira ndi malo osajambulapo: mizere iwiri itatu ya phiri, mapazi, ndi sikafu yachikasu pathanthwe, imene imaoneka chifukwa palibe chopikisana nayo. Zhang weniweniyo anaonana nayenso ku Brussels mu Malichi 1981, patatha zaka 46.

Malire a masamba 62 sanawadumphe mpaka kumapeto. Tintin et les Picaros inapezeka ndi masamba 63, ndipo anachotsa tsamba lathunthu lojambulidwa kale, limene linkabwereza nthabwala yofanana ndi ya m'buku lapitalo. Anamwalira pa 3 Malichi 1983 ali ndi zaka 75, atanena kuti wina asadzapitirize Tintin, ngakhale anzake a mu situdiyo ankatha kutsanzira dzanja lake. Buku la 24, Tintin et l'Alph-Art, linasindikizidwa mu 1986 momwe analisiyira: masamba ochepa a pensulo yeniyeni, ena onse ndi kugawa kothamanga kuja. Kwa wophunzira ndikuliona lothandiza kuposa omalizidwa, pamodzi ndi masamba a dzanja lake amene ali ku Musée Hergé ku Louvain-la-Neuve, nyumba imene inatsegulidwa mu 2009. Tengani tsamba limodzi la pensulo, likulitseni pa fotokope kufika saizi ya A3, ikani pepala loonekera pamwamba, sankhani mzere wanu pa mkono uliwonse ndi nkhope iliyonse, ikani inki. Mawa lake chitaninso pa pepala lina osayang'ana loyamba, kenako chepetsani onse awiri kufika 60 peresenti. Pa saizi imeneyo m'pamene mudzaone mizere imene yamatana, baluni imene yafinya mawu, ndi munthu amene ankathamanga m'pensulo koma waima mu inki.